Mmene ndinathetsera kudontha kwa sinki ya m'galimoto yogonamo

Galimoto imene ndimayendetsa ndi ya mtundu uja wokhala ndi bedi, chitofu cha gasi ndi sinki yotsukiramo mbale, ndipo ntchito yake yaikulu ndi kunyamula alendo kuchoka ku Chipata kupita ku Mfuwe kukaona nyama ku South Luangwa. M'mwezi wa Okutobala, titangobwerako kuchigwa cha Luangwa, ndinatsegula kabati ya pansi pa sinki kuti nditenge mpunga, ndipo ndinapeza thumba litanyowa, thabwa lapansi litatupa ngati buledi woviika m'tiyi, fungo la chuku lili ponseponse. Matabwa a m'magalimoto oterewa nthawi zambiri amakhala a utuchi wopanikiza, ndipo akamwa madzi sabwereranso mwakale.

Chimene ndinayamba kuchita chinali chaulesi. Ndinatenga silikoni wotsala m'chubu chakale n'kumatira kuzungulira paipi chakunja, osamasula kalikonse. Ulendo wotsatira tisanafike n'komwe kwa Jumbe, madzi anali atapeza kale njira yawo.

Amalume anga, amene anagwira ntchito ya mapaipi kwa zaka zambiri, atabwera anaseka n'kunena kuti, "Mphwanga, wamanga bala usanaone pamene pali munga." Anandiuza kuti ndipukute zonse ziume, ndiyale nyuzipepala pansi pa kabati, nditseke chiboo cha sinki n'kudzaza madzi. Madzi akamadontha sinki ili chitsekere, vuto limakhala pamene kasefa ka pa chiboo chotulukira madzi kakhalira pa chitsulo cha sinki. Akamadontha pokhapokha mwawatsegulira kuti apite ku thanki ya madzi akuda, vuto limakhala m'malo olumikizira mapaipi. Kwa ine nyuzipepala inanyowa madzi asanatsegulidwe, choncho mapaipi analibe mlandu.

Ndinaika beseni pansi, ndinamasula nati yolumikiza paipi, kenako nati yaikulu imene imapanikiza kasefa kuchokera kunsi. Kasefa katazuka tinaona kuti amene anakaika anamatira ndi putty, phala lamafuta lotsekera mipata, ndipo putty ameneyo anali atauma n'kumanyenyeka ngati mkute wa masiku atatu. M'nyumba ya ku Kapata, mu Chipata, putty angathe kukhala zaka zambiri, chifukwa sinki ya m'nyumba siyenda. M'galimoto chitsulo cha sinki ndi chopyapyala ndipo chimapindika pang'ono pa bampu iliyonse, pamenenso kutentha kwa kuchigwa m'nyengo imeneyi kumapyola madigiri 40, m'kati mwa galimoto yotseka kumaposa pamenepo. Putty akatha mafuta ake amaleka kunyumbuka, ndipo akang'aluka sagwirananso. Mafuta omwewo amawononganso mitundu ina ya pulasitiki, pamene mbali yakunsi ya kasefa kanga ndi yapulasitiki.

Ntchito imene inanditengera nthawi yaitali inali kuyeretsa, ndipo ndikuona kuti anthu ambiri amalepherera pamenepa. Silikoni watsopano sagwira bwino pa silikoni wakale, pa mafuta a ndiwo kapena pa malo onyowa. Ndinapala zotsalira zonse ndi kachidutswa ka pulasitiki kolimba, osati mpeni, popeza mpeni umasiya mikwingwirima imene madzi amatsatira pambuyo pake. Silikoni amene ndinamata mwaulesi uja anandivutitsa kuposa putty, moti ndinamva manyazi amalume akundiyang'ana. Nditatha ndinapukuta ndi spiriti uja wofiirira, pamwamba ndi kunsi komwe, n'kusiya zitseko zotsegula kuti paume.

Popita ku Down Shops, kumasitolo a mu Chipata, ndinanyamula kasefa, nati ndi washa ya labala yakale m'thumba, chifukwa zipangizo za m'magalimoto amenewa nthawi zambiri zimakhala zazing'ono kuposa paipi ya mamilimita 40 yozolowereka m'makhitchini a m'nyumba, ndipo kuyeza ndi maso kumabwezetsa munthu kawiri. Washa yakale inali itaphwatalala ndi kuchita ming'alu, choncho ndinagula ina yofanana nayo. Silikoni alipo wa mitundu iwiri: wina amanunkha ngati viniga ndipo asidi wake amadya zitsulo zina, wina amalembedwa kuti neutral cure, kutanthauza kuti alibe asidi ameneyo. Ndinasankha wachiwiriyu, wolembedwanso kuti ndi wa m'khitchini ndi m'bafa.

Kubwezeretsa kunali kwachidule. Ndinazunguliza mzere umodzi wa silikoni, wosaduka, kunsi kwa mlomo wa kasefa, ndinakakhazika pa chiboo n'kukanikiza mofanana mbali zonse. Washa ya labala imapita kunsi kwa sinki, kenako kamphete kopyapyala kothandiza nati kuzungulira popanda kupotoza labala, ndiyeno nati. Ndinamanga ndi dzanja mpaka italimba, n'kuwonjezera pang'ono chabe ndi sipanala. Amalume anandigwira mkono pamene ndinafuna kupitiriza, chifukwa kumanga mopyola muyeso kumafinya silikoni yense atuluke ndiponso kumang'ambula nati yapulasitiki. Pa nati ya paipi sindinakulungepo tepi yoyera ija ya mapaipi, popeza chimene chimatseka madzi pamenepo ndi kawasha ka m'kati, osati mazinga a nati.

Tili chigonere pansi pa kabati tinaona chinthu chimene ndikukhulupirira kuti ndicho chinayambitsa zonse. Paipi yopita ku thanki inali lende, yopanda chogwiriziza, kotero kuti kulemera kwake konse kunali kukoka kasefa galimoto ikamagwedezeka. Ndinaimangirira ku khoma la kabati m'malo awiri, ndipo nditaigwedeza ndi dzanja kasefa sikanasunthenso.

Pa chubu panalembedwa kuti silikoni amauma pa maola 24, koma amalimba ndi chinyezi cha mumpweya, ndipo mpweya wa Okutobala mvula isanagwe ndi wouma kwambiri, choncho ndinadikira masiku awiri. Tsiku lachitatu ndinayala nyuzipepala ina, ndinadzaza sinki mpaka pakamwa n'kuisiya ola lathunthu, kenako ndinatsegula madzi onse nthawi imodzi. Pepala linakhala louma. Sindinakhutire msanga, ndiye ndinayenda ndi galimoto pa msewu wafumbi wamabampu kunja kwa tauni n'kubwereza kuyesa komweko. Thabwa lotupa lija ndinalichotsa n'kuikapo plywood wopaka penti mbali zonse, ndipo mpunga tsopano umakhala m'chigubu chotseka, m'kabati ya pamwamba.