Dengu la ku Gubbio silidikira munthu

Ku Gubbio, tauni ya nyumba zamiyala yomata m'mbali mwa phiri la Ingino m'chigawo cha Umbria ku Italy, kuli chokwera chimene eni ake amati funivia. Musaganize za kanyumba kamawindo ndi mipando ayi. Ndi madengu achitsulo ooneka ngati khola la nkhunda, olendewera pachingwe. Lililonse limalowa anthu awiri choimirira, ndipo pamphindi pafupifupi 6 limakufikitsani pamwamba, kufupi ndi tchalitchi cha Sant'Ubaldo, mamita oposa 800 kuchokera pamene pali nyanja.

Kakweredwe kake nkotere. Pansi anajambulapo madontho awiri ofiira, lina patsogolo pa linzake. Aliyense amaima padontho lake. Dengu limafika likuyenda, bambo wapamenepo n'kugwira chitseko, woyamba alowe, dengu likafika pa wachiwiri nayenso alowe, chitseko gwa. Siliima. Manja ayenera kukhala opanda kanthu, chifukwa limodzi limagwira chitsulo pamene mwendo ukuponda.

Alamu anga anandifotokozera zonsezi pa 14 Meyi, ine n'kumangoti "eya, eya, alamu," mtima uli pa crescia. Imeneyi ndi buledi wafulati amene amamuphika pachiwaya chachitsulo chotchedwa panaro, n'kumung'amba pakati, n'kuikamo soseji ndi masamba. Ena amasusira msuzi wa friccò, ndiwo yosakaniza nkhuku, nkhosa ndi kalulu. Yanga inali yotentha, mafuta akudontha papepala. Dzanja lina linali ndi botolo la madzi.

Dengu linabwera, alamu analowa ngati akulowa m'nyumba mwawo. Litafika pa ine, ndinaliyang'ana mwaulemu, kudikira kuti liime monga amachitira minibasi pasiteji. Linandidutsa. Bambo uja anakuwa kuti "Vai! Vai!" ndipo alamu anawonjezera m'Chichewa chomveka bwino kuti, "Lowanitu, inu!" Ndinaluma crescia kuti dzanja limodzi lipeze ntchito, ndinathamanga masitepe atatu, bambo uja n'kundikankha kumsana ngati thumba la chimanga. Ndinalowa ndithu. Nsapato yakumanzere ndiyo inatsala padontho lofiira.

Choipa cha madengu amenewa n'chakuti sabisa kanthu. Otsika amakudutsani pafupi kwambiri, maso ndi maso, ndipo onse anaona sokosi yanga ili ndi chibowo pachala chachikulu. Mayi wina wachikulire anandiwerama mutu mwachisoni ngati pamaliro. Alamu ankandilozera madenga a matailosi ofiira, nyumba yaikulu ya Palazzo dei Consoli yomangidwa m'zaka za m'ma 1300, ndi bwalo lamasewero la Aroma kumunsi kuchigwa. Ine chala chinkazizira.

Pamwamba potsika ndi chimodzimodzi, dengu siliima, koma apo ndinatsika ngati mphaka. Ndinaima mwendo umodzi m'mwamba ngati kakowa, kudikira. Dengu lotsatira munali mnyamata ndi chibwenzi chake. Linalo linabwera lili ndi nsapato yanga yokhayokha, itakhala pakatikati ngati bwana, yopanda tikiti. Anthu anaomba m'manja. Anaombera nsapato, osati ine.

Chimene ndinakwerera chinali kukaona Ceri, zipilala zitatu zamatabwa zolemera pafupifupi makilogalamu 300 chilichonse, zimene zimasungidwa m'tchalitchimo pafupifupi chaka chonse. Ndinapeza thupi la Ubaldo, bishopu amene anamwalira mu 1160, lili m'bokosi lagalasi pamwamba pa guwa. Ceri kunalibe. Amazitsitsira kutauni Lamlungu loyamba la Meyi, kukonzekera chikondwerero cha pa 15. Alamu ankadziwa. Anati ankafuna ndione malo.

Mawa lake anandimaliza. Amuna onyamula Ceri amavala mathalauza oyera ndi mpango wofiira, koma malaya amasiyana malinga ndi woyera mtima wa chipilala chawo: achikasu ndi a Sant'Ubaldo, abuluu a San Giorgio, akuda a Sant'Antonio. Cha m'ma 6 koloko madzulo amayamba kuthamanga nazo paphewa m'tinjira topanikiza, akusinthana osaima, mpaka kukwera phiri lonse lija. Ndinawayeza ndi maso, abuluu anandioneka amphamvu, ndipo ndinabetcha mayuro 20. Alamu anavomera msangamsanga, zimene zikanayenera kundichenjeza. Pampikisanowu palibe kupitirirana. Ubaldo amatsogola, Giorgio pambuyo, Antonio kumapeto, chaka ndi chaka. Chimene amapikisana ndi kusagwetsa chipilala, ndiponso kuona ngati achikasu angatseke chitseko cha bwalo la tchalitchi abuluu asanalowetse mutu. Ine ndinakuwa "Giorgio! Giorgio!" mpaka mawu kusasa.

Tsiku lobwerera tinadzera pa kasupe wa patsogolo pa Palazzo del Bargello, amene amamutcha kasupe wa amisala. Mlendo akamuzungulira katatu, mbadwa ya ku Gubbio n'kumuwaza madzi ake, amayenera kulandira chikalata chotsimikiza kuti ndi wamisala wa ku Gubbio. Ndinamanga zingwe za nsapato kawiri, ndinayamba kuzungulira. Nditamaliza kamodzi, alamu anandigwira dzanja.

"Basi, alamu, musatope," anatero. "Awiri enawo munazungulira kale."