Zikomo nonse amene munatigwira dzanja

Mwana wathu wakwanitsa zaka ziwiri sabata ino, ndipo akuyenda yekha. Ndati ndisakhale chete, pakuti oyenera kuwathokoza ndi ambiri.

Anabadwira kuno ku UK mimba ili ndi masabata 27, sikelo yake yosafika ndi kilogalamu imodzi yomwe. Tsiku lachitatu anamujambula mutu kudzera paliwombo, n'kupeza kuti magazi akha mu ubongo. A dokotala, zikomo potikhazika pansi osatibisa kanthu. Munatiuza kuti mwa ana obadwa masabata 32 asanakwane, timitsempha ta mkati mwa ubongo timakhala tisanakhwime, ndipo timaphulika msanga, makamaka m'masiku atatu oyamba. Munati vutoli amaliika m'magiredi 1 mpaka 4, ndipo lathu linali giredi 2. Nditayamba kulira munadikira, kenaka munabwerezanso zonse.

Anamwino a usiku, Mulungu akudalitseni. Ndinu munandiphunzitsa kulowetsa dzanja mu inkyubeta n'kungoliika pamutu pake osamusisita, chifukwa khungu lake linali lopyapyala moti mitsempha inkaonekera. Ndinunso munamuika pachifuwa panga koyamba, timawaya tili lendelende.

Koma amene ndikufuna kuwatchula mwapadera ndi ofufuza. Anatipempha chilolezo chogwiritsa ntchito timadontho ta magazi totsala akamuyeza. Bambo ake anayamba akana. Kwathu nkhani ya magazi si yamasewera, ndiye magazi a kamwana kochepa chotero! Mayi wofufuza amene anabwerayo sanatikakamize. Anafotokoza kuti maselo a ubongo akavulala amatulutsa mapuloteni ena amene amalowa m'magazi, monga GFAP, S100B ndi NfL. Sikani, kujambula mutu kuja, imaonetsa bala litachitika kale, ndipo kuvulala kwina kumatenga masabata kuti kuoneke pachithunzi. Chiyembekezo chawo n'choti magazi azichenjeza msanga. Anatiuza kuti ku America anavomereza mu 2018 kuyeza GFAP ndi puloteni ina yotchedwa UCH-L1 m'magazi a akuluakulu ovulala m'mutu, koma kwa ana obadwa masiku asanakwane akadafufuzabe, chifukwa ena mwa mapuloteniwa amasintha malinga ndi msinkhu wa mimba imene mwana wabadwira. Ananenetsanso kuti mwana wathu sapindulapo kanthu, opindula ndi ana akudza m'mbuyo. Chilungamo chimenecho n'chimene chinatichititsa kusaina.

Posainapo maganizo anga anali kumudzi. Lipoti la mu 2012 la WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, linaika Malawi pamwamba pa mayiko onse, ana pafupifupi 18 pa 100 aliwonse kubadwa masiku asanakwane. Si chipatala chilichonse chili ndi makina ojambulira mutu wa khanda komanso munthu wodziwa kuwerenga chithunzicho. Ine ndikuona kuti kuyeza kwa magaziku kukadzatheka motchipa, kudzathandiza kwambiri kwathu kuposa kuno. Ofufuza inu, chonde musatope.

Apongozi anga, zikomo ponyamuka ulendo wautali m'nyengo yozizira kudzatisungira pakhomo. Amayi a mvano, munkatisiyira ndiwo pachitseko ife tili kuchipatala, sindidzaiwala. A fiziyo, inu othandiza kuwongola ziwalo, mwendo wake wakumanzere uja ukadali wolimbirako, koma tikuchita zonse munatiuza, m'mawa ndi madzulo. Bambo a mwana, zikomo kwambiri, munalimba mtima pamene ine ndinafooka.

Lamlungu likubwerali tikapereka chiyamiko kutchalitchi, kenaka nsima kunyumba. Nonse amene muli pafupi, bwerani mudzamuone.