Sindinauluke, amwene

Tiyambe ndi kukonza bodza limene mlamu wanga wa ku Dunoon akufalitsa pa gulupu. Sindinauluke. Mapazi anachoka pansi, inde, koma matako anali pa tala kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo munthu amene akukhula msewu ndi matako sanganenedwe kuti wauluka. Ndiye dzina la Kaputeni mwandipatsali mukalibweze kumene mwalitenga. Kavidiyo ka masekondi 11 mukutumiziranako kanayamba mochedwa, komanso wojambulayo ankaseka, n'chifukwa chake kakugwedezeka ngati ndili m'mitambo.

Chinthu choyera chikuoneka pamwamba pangacho, chimene ena mukuti ndi tenti ya ukwati, ena mukuti ndi mzimu wa agogo, ndi nyale. Nyale yeniyeni ya ntchito. Ndi chibaluni chansalu chachitali ngati maminibasi awiri olumikizana, m'kati mwake amapachikamo mababu amphamvu otchedwa HMI, kenako n'kuchipopa mpweya wa heliyamu kuchokera m'masilinda mpaka chiyandame. Babu ikakhala yokha imabaya m'maso ndipo mthunzi wake umakhala wakuthwa ngati wa masana a mu Okutobala. Ikakhala m'kati mwa chinsalu chachikulu chotere, kuwala kumatuluka mbali zonse mofewa, nkhope ya munthu n'kusalala ngati wadzola mafuta, ngakhale ali ndi ziphuphu. Mukaona pa kanema kuti ndi usiku koma zonse zikuoneka bwino ngati mwezi wathunthu, nthawi zambiri mweziwo ndi chibaluni, ndipo pansi pake pali munthu wosauka amene wagwira chingwe. Usiku umenewo munthuyo ndinali ine.

Ntchitoyi ndinaipeza ndi pakamwa panga. Kuno ku Cape Town kuyambira Novembala mpaka cha mu Malichi kumadzaza azungu a ku Ulaya odzajambula zotsatsa malonda, chifukwa kwawo kumakhala chisanu pamene kuno dzuwa limalowa cha m'ma 8 koloko usiku. Ine ndinkangonyamula matumba a mchenga ndi kukulunga mawaya. Tsiku lina gafa, amene ndi mkulu wa zowunikira, anafunsa ngati pali wodziwa zingwe ndi mphepo. Ndinakweza dzanja. Ndinati bwana, ine ndine mwana wa ku Nkhotakota, kwathu timapha usipa usiku ndi nyale pa bwato, ndipo ine ndinali siginala, munthu amene amayang'anira nyalezo. Nyale, madzi, mphepo, chingwe, zonse ndi za m'magazi. Ndinawonjezera kuti mphepo yawo ya kummwera chakum'mawa imene amaitcha Cape Doctor ife timaitcha mwera, ndipo timakula nayo.

Zoona zake n'zakuti bambo anga ankagulitsa usipa wouma pa msika, ndipo ine bwato ndinakwerapo kawiri, konseko ndinasanza. Koma za mwera sindinaname. Ndimaudziwa. Ndinkauonera ndili pamtunda.

Tinali pa malo oimika magalimoto pafupi ndi gombe la Blouberg, pamene Table Mountain imaoneka yonse kutsidya kwa madzi. Ankajambula galimoto yatsopano, mtsikana wina akutsikamo n'kuyang'ana kunyanja. Basi, zomwezo. Kutsika m'galimoto kokhako tinakuchita maulendo oposa 20. Chibaluni chinali m'mwamba mamita ngati 12, chomangidwa zingwe zinayi, ndi chiwaya chamagetsi chotsika kupita ku jenereta. Madzulo onse kunali bata. Phiri linali litayamba kufunda kamtambo kake koyera pamwamba, ndipo aliyense wokhala kuno amadziwa kuti kamtamboko kakabwera mphepo ili m'njira, koma dayirekitala ankafuna ulendo umodzi wokha womaliza, ndipo maulendo omaliza a dayirekitala sawerengeka.

Apa ndi pamene mukuyenera kumvetsa mbali yanga. Ndinafika pa ntchito 1 koloko masana. Nthawi inali itadutsa 11 usiku. Mnyamata wa ku Zimbabwe wogawa zakudya, amene amandikonda, anadutsa n'kundipatsira ntchafu ya nkhuku ndi banzi. Manja awiri, chingwe chimodzi, ntchafu imodzi, banzi imodzi. Werengani nokha. Munthu aliyense woganiza akanachita zimene ndinachita: ndinazunguliza chingwe m'chiuno, n'kuchilowetsa mu lamba, n'kumanga mfundo imene timamangira mbuzi. Mfundo ya mbuzi siimasuka. Ndi ubwino wake umenewo. Kachipangizo ka wokitoki ka m'khutu ndinakachotsa kaye, chifukwa potafuna kamandipweteka. Choncho pamene gafa ankalamula kuti mphepo yakwera, titsitse nyale, awiri a kutsogolo amasule zingwe pa matumba a mchenga ayambe kukoka, ine ndinali pa mnofu wa pafupi ndi fupa.

Mphepo ija inabwera kamodzi. Mmodzi chingwe chinamupulumuka, winayo chinamuwotcha m'manja n'kuchitaya, wachitatu anagwa. Ndinatsala ine ndi mfundo yanga ya mbuzi.

Kwa inu amene mukuti heliyamu inandinyamula, tamverani sukulu. Heliyamu yodzaza bokosi la mita imodzi mbali zonse imanyamula pafupifupi kilogalamu imodzi yokha. Ine ndimalemera makilogalamu 78. Mphamvu yambiri ya chibaluni imathera pa kunyamula nsalu yake, mababu ndi chiwaya. Chimene chinandikoka ndi mphepo, chifukwa chinsalu chachikulu chotere mphepo ikachimenya chimasanduka thanga la ngalawa. Pa gombe lomwelo masana azungu amalipira ndalama zambiri kuti makaiti awakoke pamadzi. Ine ndinachita ulere, usiku, pa tala, nditavala jinzi ya pa kaunjika.

Khwekhwerere! Ndinadutsa kutsogolo kwa kamera nditakhala pansi ngati mwana wa pa chikuku, miyendo m'mwamba, ntchafu ili m'manja. Sindinaitaye, ndipo sindikupepesa. Ndinadutsa mtsikana uja, amene anandiyang'ana ndi nkhope yake yosalala ija, pakamwa yasa. Ndinadutsa tebulo la khofi. Ndikukumbuka kuti ndinaganiza zinthu ziwiri zokha: choyamba, kuti mphepoyi ikulowera ku chilumba cha ndende chija cha Robben Island, ndipo ngati Mandela anakhalako zaka 18 ali ndi maloya, ine wopanda ngakhale nambala ya loya ndikakhalako zingati, chachiwiri, kuti kumbuyo kwanga kukutentha ngati ndakhalira mbaula. Ndipo nthawi yonseyi ndinali wowala bwino. Izi palibe akuzinena. Nyale ya ndalama zankhaninkhani inali pamwamba panga penipeni, ikundilondola. M'moyo wanga wonse sindinaonekepo bwino ngati m'masekondi amenewo.

Chimene chinandiimitsa ndi chimbudzi chapulasitiki, zija zonyamula. Ndinachikumbatira ndi miyendo, gubudu! M'katimo munali munthu. Sanatuluke, anangofuula m'Chibunu mawu amene sindingawalembe pano. Wina anazimitsa magetsi, malo onse zii, anthu asanu ndi mmodzi n'kudumphira chingwe, chibaluni n'kutsika pang'onopang'ono n'kudzagona pa ine ngati ng'ombe yotopa.

Zikanathera pomwepo bwenzi ndikuyenda mutu uli m'mwamba. Koma mphepo inali ikadali kuchikankha, ndiye gafa analamula kuti achitsegule, mpweya utuluke msanga. Heliyamu ndi yodula kwambiri ndipo saitaya mwachisawawa, ndiye mutha kuona mmene mtima wa bwanayo unalili. Anatsegula. Potulukira pake panali pamaso panga penipeni. Ine ndinali wefuwefu, ndikukoka mpweya ngati munthu wothamangitsidwa ndi agalu, osadziwa kuti ndikukoka chiyani.

Anandikokera kunja, ndinaimirira, anthu pafupifupi 40 atandizungulira ndi matochi, onse chete. Gafa anabwera, chimunthu chachitali, ndevu mbuu, n'kundifunsa ngati ndavulala. Ndinakonza nkhope. Ndinafuna kuyankha ngati mwamuna, ngati siginala wa ku Nkhotakota, ndi mawu ochokera pansi pa chifuwa, akuti bwana ndili bwino, ndipo mwaona kuti nyale yanu sindinaisiye.

Mawu amene anatuluka sanali anga. Anali a kamwana ka mbewa. Tswii tswii tswii. Ndinadzidzimuka n'kukuwa kuti mayo ine, koma mayo ineyo anatulukanso ngati wa kachidole kofinya. Ndinatsokomola kuti ndikonze kukhosi, chifuwacho chinamveka ngati cha mwanapiye. Ndinayang'ana kumbuyo kuona ngati pali mwana amene akundiyankhulira. Munthu wa zaka 34, wa ana awiri, wolipira lendi, amene kwathu pa maliro amandipatsa mpando, ndinaima pakati pa azungu thalauzi litang'ambika kuyambira pa lamba mpaka m'mawondo, ndikulira ngati kambalame kogwa m'chisa. Ndiye m'malo mokhala chete, chifukwa mantha alibe nzeru, ndinapitiriza kufotokoza. Ndinafotokoza za mfundo. Ndinafotokoza za mwera. Ndinalumbira pa dzina la malemu agogo. Zonsezo tswii tswii. Pogwa paja batani la wokitoki linali litapanikizika pa lamba, choncho madalaivala a mathiraki kumsewu, alonda a pageti, ndi amayi ophoda anthu m'kalavani, onse ankamva mbewa ikulumbira m'Chichewa.

Woyamba kuseka anali wa m'chimbudzi uja, akadali m'katimo. Kenako mtsikana wa galimoto. Gafa anayesetsa, ndinaona ndevu zikunjenjemera, kenako anakhala pansi pa bokosi la mawaya n'kugwira pamimba. Anandiuza pambuyo pake, misozi ili m'maso, kuti mawu amatero chifukwa phokoso limathamanga kwambiri mu heliyamu kusiyana ndi mumpweya wamba, komanso kuti ndiyamike Mulungu, chifukwa munthu akaikoka yambiri amakomoka osamva n'komwe kubanika. Anaitana wachipatala wa pamalo ojambulirapo kuti andiyeze. Mawu anabwerera pasanathe mphindi, koma wachipatalayo ankangondifunsa mafunso ambirimbiri, ndikuganiza kuti ankayembekezera kuti mwina mbewa ibweranso.

Tsopano mfundo zanga, poti mwaseka mokwanira. Pa anthu anayi a zingwe, atatu anasiya. Amene sanasiye ndi ndani? Chibaluni chija chikanapita kunyanja, kapena kukakodwa pa mawaya a magetsi, lero bwenzi tikukamba zina. Mlamu akuti sindinasiye chifukwa sindikanatha kumasula. Zimenezo ndi ndale. Chofunika n'chakuti nyale inapulumuka, inangong'ambika pang'ono pakona, babu imodzi yokha ndi imene inafa. Ndipo lamulo lakuti chingwe sichimangidwa pathupi anandiuza Lachiwiri, m'Chingerezi chothamanga, jenereta ikulira.

Mayi a kunyumba anandithira mankhwala ofiirira aja kumbuyo kwa masiku asanu, ndikudya nsima chogona chafufumimba. Iwo akuti kavidiyoko anakalandira kuchokera kwa mchemwali wawo wa ku Mzuzu ine ndisanafike n'komwe pakhomo. Mwana wanga wamng'ono akandiona amatsina mphuno n'kunena kuti mayo ine.

Ntchito sanandichotse. Anandibwezera ku matumba a mchenga, amene sauluka. Gafa akamadutsa amangoti siginala, n'kulozera kumwamba. Amene ali ndi jinzi ya saizi 34 yosagwiritsa ntchito andiuze, ndidzaitenga Loweruka pobwera ku mpira.

Ntchafu ija ndinaimaliza m'thiraki pobwerera. Inali ndi mchenga pang'ono.