Mphindi 7 za bambo anga

Linali Lachinayi madzulo, ndikuwawenga zikhadabo. Bambo anali atatha chaka ndi miyezi osatchula dzina la munthu. Matenda oiwalaiwala aja, amene madokotala amati dementia, anali atawasiyira mawu awiri okha, "eya" ndi "basi", nawonso ongotuluka popanda wowafunsa. Ndili chiweramire pa chala chawo chachikulu ndinangomva, "Iwe, bondo lija likupwetekabe?"

Nditadzutsa mutu ndinapeza maso awo ali pa ine, osati kukhoma monga mwa masiku onse. Anandiitana dzina langa laubwana, limene palibenso wina amalitchula. Ndinati, "Likupola, bambo." Iwo amvekere, "Usamandinyamule wekha. Uziitana mlongo wako." Anafunsa za ana, nadandaula kuti chala chimodzi ndachiwenga mopitirira. Kenaka maso aja anabwerera kukhoma. Uthenga womaliza pafoni ndinali nditautumiza 4:10, ndipo pamene ndinkaimbira achimwene, manja akunjenjemera, inali 4:17.

Bondolo ndinalivulaza miyezi iwiri m'mbuyomo, nditaterereka powatulutsa kosamba. Analipo, koma tonse tinkati sakuzindikiranso kanthu.

Achimwene anandimvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati, "Koma iwe umatsimphinatu. Aliyense angaone." Ndinakwiya masiku atatu. Chokwiyitsacho chinali chakuti funso lawo linali loona: ndingatsimikize bwanji kuti bambo anakumbukira za kugwa kuja, osati anangoona mwendo?

Powerenga ndinapeza kuti asayansi nawonso akakamira pomwepo. Mu 2009 katswiri wa ku Germany, Michael Nahm, anapatsa zimenezi dzina lakuti terminal lucidity, kutanthauza kutsitsimuka kwa maganizo munthu ali pafupi kumwalira. Iye ndi anzake atafufuza m'zolemba za madokotala za zaka 250, anapezamo nkhani 83 zokha. Sikuti n'zosowa chotero ayi, anamwino amaziona, kungoti ndi ochepa amene ankazilemba. Mu 2018 bungwe la ku America loona za ukalamba, National Institute on Aging, linasonkhanitsa akatswiri pa nkhaniyi, ndipo chaka chotsatira George Mashour ndi anzake analemba za paradoxical lucidity, dzina losamangirira nkhaniyi ku imfa. Mfundo yawo ndi imene imandisowetsa tulo: ngati ubongo wowonongeka chotere ungabweze munthu kwa mphindi zingapo, mwina zina mwa zimene timati zinafufutika zilimo ndithu, yatsekeka ndi njira yozifikira.

Tsono uyeza bwanji chinthu chosapangana nacho tsiku? Mayeso amene bambo anawalemba kuchipatala matenda akuyamba, a mu 1975 aja otchedwa MMSE, ali ndi mapointi 30. Amakufunsa tsiku, malo amene uli, mawu atatu oti uwabwereze, ndi kuchotsera 7 kuyambira pa 100. Amatenga pafupifupi mphindi 10. Bambo anabwera mphindi 7. Ndipo ndinene zoona, akanakhalapo wina wotulutsa pepala nthawi imeneyo n'kuwafunsa kuti lero ndi lachingati, ndikanam'tulutsa panja. Makina ojambula ubongo ndiye osanena, pofika nawo munthu wabwerera kale kukhoma.

Chotsala ndi kufunsa ife osamalira odwala. Ofufuza awiri, Alexander Batthyány ndi Bruce Greyson, anasonkhanitsa nkhani za odwala 124, ndipo ambiri mwa iwo anamwalira patangopita maola kapena masiku. Nditawerenga zimenezo ndinagona pampando m'chipinda cha bambo sabata yathunthu. Koma taganizani amene amayankha mafunso oterewa: ndi munthu amene mayi ake analankhula usiku n'kumwalira m'mawa, chinthu chosaiwalika. Amene wodwala wake analankhula kenaka n'kukhalanso chaka, nthawi zambiri nkhani yake imangothera m'nyumba. Ofufuza a ku Mayo Clinic, chipatala cha ku America, atafunsa mabanja anapeza kuti kutsitsimuka kochuluka sikuchitika pafupi ndi imfa. Bambo alipo mpaka lero, papita miyezi inayi.

Ku yunivesite ya Wisconsin ena amaika makamera ndi zojambulira mawu pafupi ndi odwala, mabanja atavomereza, kuti aziwerenga mawu ndi kuona kumene maso akuloza. Ndi nzeru, sindikutsutsa. Kamera ikanawaonetsa achimwene maso aja. Koma kamera sikanadziwa za bondo. Kwa mlendo, "bondo lija" ndi mawu a nkhalamba yosokonezeka. Amene angadziwe kulemera kwa mawuwo ndi ine, ndipo ine ndi amene ndikufunitsitsa kuti akhale oona. Ndadzigwira kale ndikukometsera: pofotokozera azakhali ndinati tinacheza "pafupifupi theka la ola". Foni ikuti mphindi 7.

Namwino amene amabwera kudzawaona ndiye anandiuza kuti ndigule kope. Anati ndizilemba pompopompo, ndisanauze munthu: nthawi, mawu enieniwo osawakonza, amene analipo, zimene zinkachitika. Ndizilembanso ngati thupi linatentha masiku amenewo, ngati tasintha mankhwala, ngati anagona bwino, chifukwa munthu amene matenda a m'chikhodzodzo angomusiya amatha kuoneka ngati wabwerera, pamene kwangochoka kusokonezeka kowonjezera. Ndipo pa mtundu wina wa dementia, wa Lewy body, kusinthasintha kotere ndi chizindikiro cha matenda omwewo.

M'kopemo muli masamba awiri olembedwa. Loyamba ndi la Lachinayi lija, lolembedwa mochedwa, ndipo ndalemba pamwamba kuti ndi lochedwa. Lachiwiri ndi la sabata yatha, 6:40 m'mawa, ndikuwamanga mabatani a malaya. Anati "zikomo", kamodzi, maso ali pa manja anga. Achimwene analipo. Ndinawapatsa cholembera kuti alembe okha zimene amva, ndipo analemba "zikomo", n'kuikapo chizindikiro cha funso.