Musanagule njinga yolimbitsira thupi mu Blantyre, yang'anani kaye mapiri

Munthu akafuna kuyamba kupalasa njinga kuti alimbitse thupi kapena kungosangalala, amafunsa kuti agule njinga yanji komanso azipalasa makilomita angati. Mu Blantyre muno mayankho ake ali m'mapiri. Mzindawu uli pamtunda wa mamita opitirira pang'ono 1,000 kuchokera pamene pamalekezera nyanja yamchere, wazunguliridwa ndi Ndirande, Soche, Michiru ndi Bangwe, ndipo malo athyathyathya ndi osowa. Kuchoka pa Clock Tower kupita ku Limbe ndi kukwera. Kupita ku Chileka ndi kutsika, kutanthauza kuti chikweza chikudikirani pobwerera, miyendo itatopa kale. Njinga yogulidwa chifukwa cha penti kapena dzina, osaganizira zimenezi, siichedwa kutsamira kukhoma n'kuyamba kuyanikidwa zovala.

Choyamba kuona ndi magiya, makamaka giya yofewetsetsa. Werengani mano a sipuloketi yaing'ono yakutsogolo ndi a sipuloketi yaikulu yakumbuyo. Njinga yakumudzi ya giya imodzi, ya mano 44 kutsogolo ndi 18 kumbuyo, imayenda mamita opitirira 5 mukapalasa kamodzi. Pamalo osalala ndi bwino ndithu, koma pa chikweza ndi chifukwa chake mumaona akabaza akutsika n'kumakankha. Njinga yampikisano ya mano 34 kutsogolo ndi 32 kumbuyo imayenda mamita 2 ndi pang'ono, pomwe njinga yam'mapiri ya 24 kutsogolo ndi 32 kumbuyo imayenda mita imodzi ndi theka. Mamita akachepa, ndiye kuti mwendo sukukankha molimba, mumakwera mutakhala pachishalo mukupuma bwinobwino. Kwa woyamba kumene, lamulo langa ndi lakuti mano akumbuyo asachepere patali poyerekeza ndi akutsogolo. Njinga zakale zampikisano zimene zimabwera m'kaunjika kawirikawiri zimakhala ndi 42 kapena 39 kutsogolo ndi 23 kapena 25 kumbuyo. Zimakongola, zimapepuka, koma mawondo a munthu woyamba sizimawamvera chisoni.

Ndiye pa mtundu wa njinga sindizengereza. Gulani yam'mapiri yopanda sipuling'i kumbuyo, kapena ya pakatikati pa yam'mapiri ndi yampikisano, ya handulo yowongoka ndi matayala a mamilimita 35 mpaka 40. Mukafuna liwiro pa tala, chotsani matayala a ziphuphu zikuluzikulu muikemo osalala, mudzamva kusiyana tsiku lomwelo. Njinga zotsika mtengo zokhala ndi sipuling'i pakati muzipewe: n'zolemera, zimanjanja mukamapalasa n'kumadya mphamvu zanu, ndipo molumikizira mwake mukayamba kugwedera wokonza sangachitepo kanthu. Yampikisano ya matayala oonda mudzagula mukadziwa kuti masewerawa mwawakonda.

Kukula kwa felemu musanyengerere. Imani njinga ili pakati pa miyendo, mapazi onse pansi. Pakati pa inu ndi chitsulo chapamwamba pazitsala masentimita 3 mpaka 5 pa njinga yampikisano, ndi oposerapo pa yam'mapiri. Mukakhala pachishalo n'kugwira handulo, zigongono zipindike pang'ono. Ngati mukuchita kudzitambasula kuti mufikire mabuleki, njingayo ndi ya munthu wina, ngakhale wogulitsa akutsitsireni mtengo motani.

Njinga zabwino zambiri zimene mungapeze ku Limbe, ku Ndirande kapena pa Facebook ndi zoti zinayendapo kale kunja, choncho muziyese ndi manja anu. Pukutani fumbi molumikizira felemu, makamaka pansi pa khosi ndi pozungulira mapedulo, muone ngati pali mng'alu kapena penti yotukumuka. Felemu yachitsulo imawotcheredwa paliponse, koma ya aluminiyamu ikang'aluka ingoisiyani. Gwirani buleki yakutsogolo n'kukankhira njinga kutsogolo ndi kumbuyo. Mukamva gwede gwede m'khosi, maberingi atha kapena amasuka. Nyamulani gudumu lililonse mulizunguze mukuyang'ana mpata wa pakati pa limu ndi labala ya buleki. Kupotoka pang'ono amawongola ndi masipoko, koma limu yophwanyika chifukwa chomenya dzenje siibwerera. Yesani kumasula chitsulo cha chishalo kuti muone ngati chikukwera ndi kutsika, chifukwa china chimamatirira ndi dzimbiri moti sichidzachokanso. Kenako palasani, musinthe magiya onse mmodzimmodzi, ndipo pa kachitunda mupondereze mwamphamvu. Tcheni chikalumpha, ndiye kuti chatha pamodzi ndi masipuloketi, ndipo mtengo wa zonsezi muuchotse pa mtengo wa njinga.

Pali msampha wina umene umagwira anthu ambiri, wa matayala. Pambali pa tayala lililonse pamalembedwa manambala awiri monga 37-622 kapena 50-559. Yoyamba ndi kunenepa kwa tayala, yachiwiri ndi kukula kwa limu m'mamilimita, ndipo imeneyi ndi imene muzitchula pogula. Matayala a mainchesi 26 ndi 559, a 27.5 ndi 584, a 700c ndi a 29 onse ndi 622. Njinga zakale za 27 ndi 630, ndipo za 28 zakumudzi ndi 635. Tayala la 635 silingagwire pa limu ya 622, ngakhale onse awiri nthawi zina amalembedwa 28. Matayala ndi machubu a 26 amapezeka pafupifupi pa msika uliwonse wa m'mbali mwa msewu, pomwe enawo muyenera kusungiratu kunyumba. Valavunso muione. Yonenepa ngati ya galimoto, ya Schrader, amaipopa aliyense. Yoonda ya Presta imafuna pampu yake kapena kamutu kolumikizira, ndipo kamutuko kazikhala m'thumba la zida, chifukwa wokonza njinga wa pa Njuli kapena pa Lirangwe mwina sangakhale nako.

Mukafika nayo kunyumba, konzani chishalo musanapite kulikonse. Khalani pachishalo mutatsamira khoma, ikani chidendene pa pedulo ili pansi penipeni, mwendo uwongoke wonse koma chiuno chisapendekeke. Mukabwezera phazi pamalo ake, pedulo ili pansi pa chikhatho cha phazi kuseri kwa zala, bondo lidzapindika pang'ono, ndipo ndi pomwepo. Bondo likamapweteka kutsogolo, kawirikawiri chishalo chatsika kwambiri. Likamapweteka kumbuyo, chakwera kwambiri. Sunthani mamilimita 5 okha n'kuyesanso. Chishalo chikhale chopingasa, osaloza kumwamba kapena pansi. Zishalo zazikulu zofewa zimakoma mphindi 20 zoyamba, kenako zimatupitsa ntchafu. Matako amapweteka masabata awiri oyamba kwa wina aliyense. Kabudula wa opalasa njinga wokhala ndi kasiponji mkati amathandiza, ndipo amavalidwa popanda chovala china mkati kuti misoko isakuchekeni.

Tsopano za mtunda. Miyezi iwiri yoyamba werengani nthawi, osati makilomita. Makilomita 20 a mu Blantyre si ofanana ndi makilomita 20 a ku Nsanje. Yambani ndi mphindi 30 mpaka 40, katatu pa sabata, pa liwiro loti mukhoza kulankhula ndi mnzanu osadukiza mawu. Miyendo izizungulira mopepuka, ka 80 kapena 90 pa mphindi, m'malo mokankha giya yolimba pang'onopang'ono. Sinthani giya chikweza chisanakugwireni, ndipo posintha fewetsani phazi pang'ono, chifukwa tcheni chimaduka chikasinthidwa munthu atapondereza ndi thupi lonse. Ulendo umodzi wa kumapeto a sabata ukhale wautali kuposa inayo, muziwonjezerapo mphindi 10 kapena 15 sabata iliyonse, ndipo sabata yachinayi muchepetse kuti thupi libwerere. Mapapo amazolowera msanga kuposa mawondo ndi msana, n'chifukwa chake ofulumira amavulala mwezi wachiwiri, pamene akudzimva kuti ali ndi mphamvu.

Cholinga choyamba chabwino ndi Chileka. Kuchokera m'tauni kukafika ku bwalo la ndege ndi makilomita pafupifupi 16, ndipo bwaloli lili pa mamita ochepera pang'ono 800, choncho pobwerera mumakwera mamita opitirira 200. Mukatha kupita ndi kubwerako osatsika panjinga, yesani makilomita 50 pa msewu wa Zomba kapena wa Thyolo kudzera ku Bvumbwe, kumene kumazizira bwino ndipo nthochi zili m'mbali mwa msewu. Zomba yeniyeniyo ili pa makilomita pafupifupi 65. Kupita kokha n'kubwerera pa galimoto ndi cholinga cha miyezi itatu kapena inayi kwa munthu wopalasa mokhulupirika. Makilomita 100, pa liwiro la makilomita 15 mpaka 18 pa ola limene oyamba ambiri amayenda nalo m'mapiri, ndi maola 6 kapena 7 pachishalo. Musawayese musanapalase 70 kangapo n'kudzuka bwino m'mawa mwake.

Msewu wa Chikwawa ndiufotokoze pawokha chifukwa umanyenga. Ukuchokera pa mamita opitirira 1,000 n'kutsikira m'chigwa cha Shire chimene chili cha pa mamita 100, modutsa m'makhota okhotakhota. Kutsikako n'kokoma zedi, simupalasa n'komwe. Koma kumunsiko kumatentha kwambiri kuposa kuno, ndipo pobwerera mumakwera mamita pafupifupi 900 dzuwa lili pamutu. Uwu si ulendo wa chaka choyamba, pokhapokha mutakonzeratu galimoto yobwerera. Kutsikakonso kuli ndi malamulo ake. Mukagwira mabuleki osasiya kwa makilomita angapo, limu imatentha mpaka chubu chikhoza kuphulika, ndipo mabuleki a disiki nawo amafooka akapsa. Gwirani mwamphamvu musanalowe m'khota, siyani, gwiraninso. Buleki yakutsogolo ndiyo imaimitsa njinga, muigwire pang'onopang'ono matako mutawabweza kumbuyo. Dziwiranitu dzanja limene ili: pa njinga zochokera ku Britain imakhala kumanja, pa zochokera ku America ndi maiko ambiri a ku Ulaya imakhala kumanzere, ndipo m'kaunjika zonsezi zimabwera zosakanikirana.

Ulendo wosafika ola limodzi umangofuna madzi. Ukapitirira pamenepo, imwani botolo la mamililita 500 mpaka 750 pa ola, pang'onopang'ono, ludzu lisanabwere, ndipo mu Okutobala muwonjezere. Idyani kanthu mphindi 40 zilizonse: nthochi, mbatata yophika, chigumu, buledi wa chiponde. Mukadikira njala, miyendo imangozima mwadzidzidzi, mutu n'kuyamba kuzungulira, ndipo pamenepo ngakhale mudye zimatenga nthawi kuti mphamvu zibwerere. Pa ulendo wautali wa thukuta lambiri, paketi ya Thanzi yosungunulidwa m'lita imodzi ya madzi imabwezeretsa mchere. Nsima yambiri musanakwere njinga imalemetsa. Phala maola awiri musananyamuke ndi lokwanira.

Pamsewu, nthawi yabwino ndi kum'mawa kukangoyera, makamaka Lamlungu, magalimoto asanachuluke. Masauko Chipembere Highway nthawi yopita ndi yoweruka kuntchito si malo ophunzirira. Minibasi imaima paliponse pamene kondakitala waona munthu, choncho musaitsatire pafupi ndipo musaidutse kumanzere. Musadzipanikize m'mphepete penipeni mwa tala pomwe pali pobenthuka, mchenga ndi magalasi. Siyani mpata woti mukhoza kuzembera dzenje osalowa mwadzidzidzi pakati pa msewu. Chisoti muvale nthawi zonse, chomangidwa moti pansi pa chibwano palowe zala ziwiri zokha. Nyali yofiira yakumbuyo muiyatse ngakhale masana, makamaka mu Juni ndi Julaye pamene chiperoni chimaphimba Limbe ndi Bvumbwe, woyendetsa galimoto osaona patali. Nyengo ya mvula, samalani pansi pa zitsetse pamene madzi amasiya mchenga pa tala.

M'thumba la pansi pa chishalo muzikhala chubu chimodzi chatsopano, zigamba ndi guluu wake, zotukulira tayala ziwiri, pampu yaing'ono, masipanala a Allen a 4, 5 ndi 6, ndi ndalama pang'ono. Tayala likaphwa, musanaike chubu china yendetsani zala mosamala mkati mwa tayala monse, chifukwa munga kapena kawaya kamene kabaya kamakhala kadakali momwemo. Mukapeza timabowo tiwiri toyandikana, sichinabaye chinthu ayi: mpweya unali wochepa ndipo limu inatsina chubu pomenya dzenje. Mpweya woyenera unalembedwa pambali pa tayala, muziuyesa sabata iliyonse. Pomata, palani pamalopo, pakani guluu wochepa, dikirani mphindi 5 aume kaye, kenako kanikizani chigamba. Chigamba choikidwa pa guluu wamadzimadzi chimamatuka musanafike patali.

Tcheni ndicho chimadya ndalama mwakachetechete. Fumbi la Ogasiti mpaka Okutobala likasakanikirana ndi oyilo wambiri limapala tcheni ndi mano ngati mwala wonolera. Oyilo wakuda wochokera mu injini musathire. Pukutani tcheni ndi kansanza, donthezani dontho limodzi la oyilo wopepuka pa mfundo iliyonse, zunguzani mapedulo chammbuyo, kenako pukutaninso mpaka kunja kuoneke kouma. Mwezi uliwonse yezani ndi lula: kuchoka pa pini imodzi, werengani mapini 24, ndipo pa tcheni chatsopano mtundawo ndi mainchesi 12 ndendende, kapena masentimita 30.5. Ukapitirira ndi milimita imodzi ndi theka, gulani tcheni china. Ukafika mamilimita 3, masipuloketi akumbuyo nawo adyeka ndipo tcheni chatsopano chizilumpha. Pogula tchulani chiwerengero cha masipuloketi akumbuyo, chifukwa tcheni cha 6, 7 ndi 8 n'chimodzi, koma 9, 10 ndi 11 aliyense ali ndi chake.