Mafizo a mwezi wa Okutobala: bondo la mng'ono wanga latisinthitsa ndondomeko

Kutentha kwafika, ndiye kagulu kathu ka mafizo kuno ku Chilomoni kasintha nthawi. M'nyengo ya chiperoni, pomwe tinkayamba, tinkakumana tikaweruka kusukulu. Pano nthawi imeneyo dzuwa limakhala likadali kuswa mtengo, choncho tikumanyamuka m'ma 5 koloko m'mawa, kukangoyera. Kwa ine zikuyenda bwino. Chitunda cholowera cha ku Michiru chija ndinkachikwera choyenda, manja ali m'chiuno, tsopano ndikumachimaliza chothamanga, ndipo ndikafika pamwamba ndikumatha kuyankhula ndi mnzanga popanda kudukiza mawu. Ma push-up nawo akuchuluka, msana osapindika.

Koma nkhani yaikulu ya mwezi uno ndi ya mng'ono wanga wa zaka 13, amene analowa m'gulu pa tchuthi chapitachi.

Mwanayu watalika kwambiri chaka chino, moti buluku la yunifolomu likulekeza m'misongolo. Mpira amasewera tsiku lililonse pa bwalo la fumbi, kuphatikiza apo n'kumathamanga nafe m'mawa. Anayamba kudandaula bondo lamanja. Sipanali pakati pa bondo penipeni, koma m'munsi mwake pang'ono, pamene payambira fupa la msongolo. Panatuluka kachotupa kolimba, ukakadina ndi chala ankachita kudumpha. Kugwada kuti akolope m'nyumba kunkamukanika, potsika chitunda ankatsimphina. Anyamata akuluakulu a pa bwalo ankangomuuza kuti, "Limba mphwanga, mphamvu ikulowa imeneyo." Mawu amenewa ine amandipweteka mtima, chifukwa mwana amene akufuna kuoneka wolimba pamaso pa akuluakulu sadandaulanso, amangopirira mpaka zinthu zitafika poipa.

Amayi anapita naye ku chipatala, ine n'kuwaperekeza. Adokotala atamudinadina n'kumufunsa zaka, anati ndi vuto lotchedwa Osgood-Schlatter, ndipo anatifotokozera bwinobwino. Mafupa a mwana amakulira chakumapeto, ndipo malo amenewo amakhala ofewa, osakhwima, mpaka mnyamata atayandikira zaka 17 kapena 18. Atsikana amafulumirako. Tsono mtsempha wochokera pa bondo umamangirira ndendende pa malo ofewawo. Mwana akamathamanga, kudumpha ndi kumenya mpira osapuma, minofu ya ntchafu imakoka mtsemphawo, mtsempha n'kumakoka fupa losakhwima lija, mpaka pamatupa. Zimakonda kugwira anyamata a zaka 12 mpaka 15, makamaka pamene akutalika mofulumira, ndipo atsikana zimawapeza akadali ocheperako, makamaka a netiboli chifukwa cha kudumphadumpha. Chosangalatsa n'chakuti ululu umatha munthu akamaliza kukula, ngakhale kachotupako kamatha kutsalira.

Adokotala sanamuletse masewera onse. Anati achepetse kuthamanga ndi kudumpha mpaka ululu utazilala, aziwongola minofu ya ntchafu tsiku lililonse, ndipo pakapweteka aziikapo ayezi wokulunga mu kansalu kwa mphindi 15 mpaka 20. Kwathu kulibe filiji, ndiye timakapempha kwa mayi oyandikana nafe amene amagulitsa mafilizesi. Amatiikira madzi mu kapepala ka pulasitiki usiku, m'mawa tikatenga ali gwa. Mng'ono wanga amakhala pa khonde, mwendo atausanjika pa ndowa yovundikira, ayezi akusungunukira m'chitenje chakale cha amayi. Magetsi akazima timangonyowetsa nsalu ndi madzi a mu mtsuko.

Apa panabuka kakukambirana ndi agogo, amene ankafuna kumuthowa ndi madzi otentha monga amachitira aliyense akabinya mwendo. Ndinawafotokozera mwaulemu zomwe tinamva ku chipatala, kuti malo akangovulala kumene n'kutupa, kutentha ndi kusisita mwamphamvu kumawonjezera kutupako, ndipo masiku awiri oyambirira pamafunika chozizira, kupumitsa ndi kukweza mwendo m'mwamba. Agogo anangoti, "Chabwino, ana a sukulu inu, tiyeni tione." Pano ndi iwowo amene amamukumbutsa za ayezi.

Chiyambire nkhani imeneyi tagwirizana m'gulu kuti tizisiyanitsa ululu. Pali kuphwanya kwa minofu kumene kumabwera m'mawa mwake kapena mkuja ukachita mafizo achilendo. Kumagwira miyendo yonse iwiri, kumachepa ukayamba kuyendayenda, ndipo pakapita masiku ochepa kumatha kokha. Kumeneko si koopsa. Koma ululu umene ungathe kuuloza ndi chala chimodzi, pa fupa kapena polumikizana mafupa, mbali imodzi yokha, wotupitsa, wotsimphinitsa, womakula ukamapitiriza, umenewo ndi woti usiye pomwepo n'kukauza makolo. Ndipo kumwa mankhwala opha ululu kuti ukathe kusewera mpira wa Loweruka takana. Ululu ukabisika, fupa limakhala likuvulalabe iwe osadziwa.

Kutenthetsa thupi nako tasiya kukuona ngati kutaya nthawi. Amene munapitako msanga pa Kamuzu Stadium tsiku la Bullets kapena Wanderers mukudziwa kuti osewera amatuluka kale mpira usanayambe, n'kumathamanga pang'onopang'ono, kuponya miyendo, kupatsirana mpira, mpaka thukuta kamukamu. Ngati akatswiri amatero, nanji ife. Tatengako zina mu ndondomeko yotenthetsera thupi ya osewera mpira yotchedwa FIFA 11+, imene imatenga mphindi pafupifupi 20: kuthamanga mopepuka, kuyenda chammbali, kuima ndi mwendo umodzi, masikwati (kunjuta n'kudzuka), ndi kudumpha n'kutera mofewa mawondo atapindika pang'ono, osalola kuti apotokere m'kati. Kuima ndi mwendo umodzi kumaoneka kophweka, koma tayesani mutatsinzina muone mmene akakolo amanjenjemerera.

Za zitsulo. Kuseri kwa nyumba ya amalume kuli zija zopanga tokha, paipi yokhala ndi zitini za simenti uku ndi uku. Anthu ambiri amati mwana akanyamula zitsulo amapinimbira. Chimene ndawerenga ndiponso chimene adokotala aja ananena n'chakuti kunyamula zopepuka, moyenera, pali wamkulu woyang'anira, sikuletsa munthu kukula. Choopsa ndi mpikisano uja wa "ndani anyamule cholemera kuposa mnzake", kamodzi kokha, msana utapindika, kumbuyo kulibe wogwirira. Amalume akhazikitsa lamulo: ana a msinkhu wa mng'ono wanga azigwiritsa ntchito thupi lawo lokha, ndipo ife akuluko tizinyamula chimene tingathe kuchikweza ka 10 mpaka ka 15 thupi osagwedezeka. Tisanayambe timagwedeza chitini chilichonse, chifukwa simenti ikang'aluka imatha kupulumuka pa paipi n'kugwera pa phazi.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati ana a zaka 5 mpaka 17 azichita zolimbitsa thupi kwa mphindi 60 patsiku, ndipo zolimbitsa minofu ndi mafupa zizichitika masiku osachepera atatu pa sabata. Sizikutanthauza kuthamanga chitunda tsiku lililonse ayi. Kuyenda ndawala popita kusukulu ndi kusewera mpira pa buleki zimalowa momwemo. N'chifukwa chake tsopano timalumphitsa tsiku, ndipo Lamulungu ndi lopuma. Tulo nato ndi nkhani: a msinkhu wathu amafunika maola 8 mpaka 10, ndiye wodzuka 5 koloko foni aziyisiya msanga.

Pa msewu timathamanga kudzanja lamanja, moyang'anana ndi magalimoto, popeza kwathu kuno amayenda kumanzere. Njinga zamoto za kabaza m'mawa zimangotulukira paliponse, ngalande zambiri n'zosavundikira, choncho zomvera nyimbo m'makutu ayi, malaya akuda ayi. Atsikana a m'gulu timakawatenga pakhomo n'kukawasiyanso. Madzi aliyense amabwera ndi botolo lake, ndipo mkodzo ukakhala wachikasu kwambiri timadziwa kuti sitikumwa mokwanira. Amene wadzuka thupi likutentha sabwera ku mafizo, amapita kukayezetsa malungo. Wogundidwa mutu pa mpira n'kumamva chizungulire sabwereranso m'bwalo tsiku limenelo.

Nsapato ndapeza zina pa kaunjika mu Limbe. Ndinaziyeza nditavala sokosi, n'kuonetsetsa kuti kutsogolo kwatsala malo a chala chachikulu cha m'manja, komanso kuti kunsi sikunadyeke mbali imodzi. Zakale zija zinali zitapendekeka ku chidendene.

Anzanga ena ayamba kale kukamba za mpikisano wothamanga wa Porters Race wa pa phiri la Mulanje, umene umayambira ku Likhubula. Ine mtima ulipo, koma miyendo yanga sinafike poti n'kulimbana ndi phiri limenelo, ndipo sindilola kuti wina akokere mng'ono wanga m'maganizo amenewo. Mwezi wa mawa mvula ikayamba, njira ya ku Michiru idzakhala yoterera, ndiye tidzasamukira pa bwalo lathyathyathya. Mng'ono wanga ayamba ndi kuyenda ndawala kuzungulira bwalolo, ndipo mpira adzabwerera pokhapokha akamatha kukwera masitepe ndi kunjuta popanda kumva kupweteka.