Kuoloka North Channel pa boti lopalasa ndi miyendo

Tinadikira masiku 9 kuti mphepo igone. Boti linali chimangire pa doko la Donaghadee, ku Northern Ireland, ndipo madzulo aliwonse mkulu wa boti lotiperekeza ankangoyang'ana za nyengo pa foni yake n'kupukusa mutu. Tsiku la 10 anatiimbira usiku: "Mawa 4 koloko m'mawa mukhale muli m'madzi."

Tinali awiri, ine ndi alamu anga. Nkhani yonseyi inayamba ndi iwowo. Zaka zingapo zapitazo injini ya kaboti kawo kowedzera nsomba inazima dzuwa litalowa, madzi n'kuyamba kuwakokera kumiyala. Anawapulumutsa ndi anthu a RNLI, bungwe la maboti opulumutsa anthu panyanja lomwe linayamba mu 1824. Ambiri mwa anthu okwera maboti amenewa ndi ongodzipereka, salandira malipiro, ndipo bungweli limayendera ndalama zomwe anthu akufuna kwabwino amapereka. Alamu sakonda kukamba za usiku umenewo. Chomwe ananena n'choti ali ndi ngongole, ndipo akufuna kuibweza ndi miyendo yawo. Tinatsegula tsamba losonkhetsera ndalama pa intaneti, tikulonjeza kuti tipalasa kuchoka ku Ireland mpaka kukagunda Portpatrick, ku Scotland, kuoloka chigawo cha nyanja chotchedwa North Channel, mtunda wa makilomita pafupifupi 35.

Boti lake ndi lalitali koma lopyapyala, la mipando iwiri yotsogozana. Umakhala chotsamira, miyendo kutsogolo, n'kumapalasa ngati njinga. Tcheni chimazunguza pulopela pansi pa madzi, ndipo wakumbuyo ndiye amagwira chingwe cha chiwongolero. Pali kusiyana kumodzi ndi njinga komwe ndinakumva m'mawondo ola loyamba lomwelo: panyanja palibe mtsetse. Ukasiya kupalasa boti limaima, ndipo likaima madzi amalitenga.

Tisanakwere, alamu ananditengera kukaona boti lakale lotchedwa Sir Samuel Kelly, lomwe analisunga pamtunda pafupi ndi dokoli. Pa 31 January 1953 sitima yonyamula anthu ndi magalimoto, Princess Victoria, inanyamuka ku Stranraer, ku Scotland, kupita ku Larne, ku Northern Ireland, kunja kuli namondwe woopsa. Mafunde anathyola zitseko zakumbuyo, madzi n'kudzaza momwe munali magalimoto, sitimayo n'kumira. Anthu oposa 130 anafera m'madzi omwewa, ndipo palibe mayi kapena mwana ndi mmodzi yemwe amene anapulumuka. Mwa anthu 44 opulumuka, 33 anatoledwa ndi boti limeneli. Ndinaligwira ndi dzanja. Ndi lamatabwa, ndipo n'laling'ono kuposa momwe ndinkaganizira.

Maola awiri oyamba anali okoma. Nyanja inali bata, nyali ya pansanja yoyera ya padoko ikuphethira kumbuyo kwathu, zilumba za Copeland zili kudzanja lamanzere. Dzuwa litatuluka, Scotland anaoneka mbuu kutsogolo, ngati pafupi pomwepa.

Kenako ndinaphunzira chomwe mkulu wa boti lotiperekeza ankatanthauza ponena kuti pano palibe njira yowongoka. North Channel ndi khomo lopapatiza lomwe madzi a Atlantic amalowera ndi kutulukira mu Irish Sea. Nyanja ikamadzaza, madzi amathamangira kum'mwera. Pakatha maola pafupifupi 6 amatembenuka n'kubwerera kumpoto. Ife tinkadutsa chopingasa, choncho madziwo ankatimenya m'nthiti. N'chifukwa chake tinasankha masiku omwe mwezi uli theka, pamene kukwera ndi kutsika kwa nyanja kumachepa mphamvu. Komabe panafika nthawi yomwe madzi ankathamanga pafupifupi mofanana ndi ife. Mphuno ya boti inaloza kum'mawa, thukuta lili kamukamu, koma kadontho kathu pa GPS kakutsetserekera chammbali ngati nkhanu.

Mtima wanga unkafuna kulimbana nawo. Ndinakoka chingwe kuti tilozenso Portpatrick, wailesi n'kulira nthawi yomweyo. Mkulu uja anatiuza modekha kuti tisiye, tingosunga kampasi pomwe anatiuza, madzi omwe akutitengawa atibweza okha akatembenuka. Kumvera mawu amenewa kunali kovuta kuposa kupalasa kwenikweniko. Ukuona ndi maso ako doko lomwe ukupita likutsalira kumbali, iwe n'kumangopalasabe kuloza pomwe palibe kanthu.

Chapakati pa ulendo tinadutsa pamwamba pa Beaufort's Dyke, chigwa cha pansi pa nyanja chomwe malo ena n'chakuya mamita pafupifupi 300. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, boma la Britain linatayamo zida ndi mabomba ochuluka zedi, ndipo mu 1995 zina mwa izo zinakokolokera kugombe la Scotland. Pamwamba sipaoneka kanthu, koma madzi amada bii, ndipo tonse awiri tinangoti zii. Pamenepo mpomwe ndinaona jellyfish yoyamba ya mtundu wa lion's mane, nyama ya m'nyanja ya thupi lofewa lopanda mafupa, ikuyandama pafupi ndi dzanja langa. Inali yaikulu ngati beseni, yofiirira, ikutukuka ndi kuphwa pang'onopang'ono, tizingwe take tambirimbiri tikukokeka m'munsi mpaka pomwe maso sangafike. Osambira amaiopa kwambiri chifukwa imayabwa ngati moto. Ndinaganiza za Tom Blower, yemwe mu 1947 anasambira njira yomweyi kwa maola oposa 15, m'madzi ozizira chonchi, thupi lili pamtunda.

Ola la 7 tcheni chinagwa. Sitima yaikulu ya katundu inali itadutsa kutali ndithu, koma mafunde ake anatipeza patapita mphindi zingapo, boti n'kupendama uku ndi uku, kenako mapedulo anangozungulira opanda kanthu. Alamu anagwada m'timadzi ta pansi pa boti n'kuyamba kulimbana nacho. Zala zawo zinali zitachita dzanzi, girisi ali bii mpaka m'zigongono, ndipo nseru inawagwira chifukwa choweramira pansi boti likugwedezeka. Anasanza, n'kupukuta pakamwa ndi phewa, n'kubwereranso pa tcheni.

"Alamu, tiwaitane atikoke?" ndinafunsa.

"Ayi alamu. Gwirani tochi apa."

Tcheni chinalowa pa ulendo wachitatu. Mphindi 20 zimenezo zinatidyera pafupifupi kilomita yathunthu.

Zotsalazo zinali ululu basi. Akatumba ankakokana, msana unawuma, mchere unang'amba milomo. Tinkamwa madzi ndi kudya pang'ono theka la ola lililonse, ngakhale pamene pakhosi pankakana. Koma madzi anatembenukadi monga anatiuzira, ndipo doko lomwe linatithawa lija linayamba kubwerera lokha kutsogolo kwa boti.

Chomwe chinkandizungulira m'mutu maola omalizawo n'chakuti ife tinachita kusankha tsiku. Tinadikira masiku 9 kuti tipeze bata, tinali ndi boti lotiperekeza, majekete oyandamitsa, wailesi, ndi munthu wodziwa nyanjayi ngati chikhatho chake. Ndi zonsezo, nyanja inatitopetsa mpaka misozi. Anthu omwe tinkawasonkhetsera ndalamawo amaitanidwa pa tsiku lomwe wina aliyense akuthawira kumtunda, nthawi zina pakati pa usiku, n'kusiya ana ali m'tulo. Ine ndimaona kuti ndalama zomwe tinapezazo n'zochepa kwambiri poyerekeza ndi zimenezo, ngakhale ndikuthokoza ndi mtima wonse aliyense amene anaponyapo yake.

Tinalowa pakhomo lopapatiza la doko la Portpatrick patatha maola oposa 11. GPS inaonetsa mzere wokhota ngati chilembo cha S, wautali kuposa makilomita 35 aja. Nditati ndiimirire, miyendo inakana, ndinachita kukwawa pamasitepe amiyala. Yemwe anagwira chingwe chathu anali bambo wina wa m'gulu la boti lopulumutsa anthu la padokopo, kachipangizo kowaitanira kali m'chiuno. Alamu anamugwira dzanja ndi manja awo onse awiri a girisi aja, osalankhula kanthu, ndipo sanalisiye msanga.

M'mawa mwake tinakwera sitima ku Cairnryan kubwerera ku Belfast. Mphepo inali itadzuka usiku. Ndinaima pazenera ulendo wonse, maola awiri ndi pang'ono, ndikuyang'ana kum'mwera komwe tinadutsa dzulo lake, nyanja yonse ili mbee ndi thovu.